Kwa achemwali ofunsa za sukulu zakale ku Istanbul

Achemwali, mwati mukufuna kukaona sukulu ya ana ya nthawi ya Ottoman, ufumu wakale wa ku Turkey, ndi mmene anaikonzera, mwafunsanso za viza. Za vizazo ayankha ena. Koma awa akukuyankhani kuti pitani ku Hagia Sophia sanawerenge funso. Uko ndi kumzikiti, ndipo mlendo amasiya mayuro 25 pakhomo.

Kwerani tramu ya T1, mukatsike pa Sultanahmet. Pompo pamsewu wa Divanyolu pali sukulu yakale ya Cevri Kalfa, komwe ine ndimakapumira ndikatopa ndi kuoda zovala ku Laleli. Anaimangitsa ndi Sultan Mahmud II cha mu 1819 pokumbukira Cevri Kalfa, mayi wantchito wa kunyumba yachifumu amene mu 1808 anawaza phulusa lamoto m'maso mwa anthu odzapha Mahmud, Mahmudyo nkuthawira padenga. Lero ana saphunziramo, muli bungwe la zolembalemba ndi pomwera tiyi. Tiyi wa dera limenelo ngwodula, mwina kawiri kapena katatu kuposa wa ku Laleli.

Tsono chenjerani. Tsiku langa loyamba bambo wina waulemu wake anati andionetsa sukulu ina yokongola kuposa iyo. Ndinamutsata ngati mbuzi yapachingwe. Tinakathera m'sitolo ya makapeti, atandipatsa kale tiyi, munthu atatsamira chitseko. Ola lathunthu ndikukana kapeti, sukulu osaiona. Aliyense wokuyambani ndi "bwenzi langa" m'dera limenelo, muyankheni mukuyenda. Wopolisha nsapato akagwetsa burashi patsogolo panu, musamutolere, ndi msampha.

Ngati nkhani yanu ndi kamangidwe, pitaninso ku dera la Vefa, mukaone sukulu ya Recai Mehmed Efendi, ya 1775. Iyo ndiye ikuonetsa mmene sukulu izi, amati sıbyan mektebi, zinkakhalira: kalasi m'mwamba, pansi pomwera madzi anthu odutsa. Sendezani maso pakati pa miyala ndi njerwa. Akale ankamangira laimu wosakaniza ndi njerwa zopera, amati horasan, ndipo amaoneka wofiirira. Khoma lakale lililonse mukaona latsekedwa ndi simenti yotuwa, dziwani analikonza mothamanga. Simenti imatsekera chinyontho mkati, mwala nkuyamba kufumbutuka.

Musadalire kuti mukapeza potsegula, zambiri mukaonera panja. Muli ku Vefa komweko lawani boza, thobwa lawo lamawere. Ndi lolimba moti ena amachita kudya ndi supuni.