Kwa achemwali a ku Chibavi amene mukufuna anzanu ochepetsa nawo thupi

Achemwali, funso lanu ndaliona. Ambiri akuyankhani mwachidule, ena angoponya manambala a foni kuti akugulitseni tiyi, ndiye ine nditalikitsako, mundipirire. Mwati chibadwire mwana wanu wachiwiri thupi likungokula, kuchipatala akuuzani kuti BP yayamba kukwera, ndipo mukayamba kusamala kadyedwe simupitirira masabata awiri musanabwerere mwakale. Mukufunsa ngati tingatsegule gulu la pa WhatsApp la anthu a muno mu Mzuzu kuti tizilimbikitsana.

Gululo tsegulani, palibe cholakwika, koma musaike mtima wonse pamenepo. Magulu amenewa timawadziwa. Sabata yoyamba anthu amadzaza, aliyense kutumiza chithunzi cha mbale ya masamba. Ikamafika sabata yachitatu mwatsala mavesi a m'mawa ndi munthu wogulitsa malamba omanga pamimba. Chimene mukufunika inu ndi anthu awiri kapena atatu okhala nawo pafupi, oti akhoza kufika pakhomo panu n'kunena kuti odi. Nyengo ya kuno mukuidziwa. Mu June ndi July nkhungu ili tolo, kamvula kakuwaza, bulangete latenthera bwino, palibe uthenga wa pafoni umene ungakutulutseni panja 6 koloko isanakwane. Koma mnzanu akaima pageti atavala chipewa chaubweya, manja atapisa m'khwapa, akunjenjemera chifukwa cha inu, mumadzuka ndithu, olo mukung'ung'udza. Ifenso kuno ku Chiputula timayenda motero, ndipo ndikuuzeni, masiku ambiri chimanditulutsa ndi manyazi basi.

Anthu oterowo simuwasowa. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu aliwonse azaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyeso, ndipo m'matauni anali oposa mmodzi mwa atatu. Ndiye kuti mu kwaya yanu, pamzere wa nyumba zanu, alipo amene akuvutika mumtima ngati inu koma sakunena. Afunseni pambali, mmodzimmodzi.

Mukapezana, yendetsani zinthu ngati banki mkhonde. Amayi a ku banki mkhonde sikuti amaposa ena pokonda kusunga ndalama ayi. Chimawagwira n'choti ndi ochepa, amadziwana nkhope, tsiku lokumana ndi lodziwika, ndipo pali kope. Nanunso kope likhalepo, koma muzilembamo zimene munthu wachita: wayenda masiku angati sabata ino, wamwa mabotolo angati a zoziziritsa kukhosi, pachiwaya waimapo kangati. Makilogalamu musawasandutse mpikisano. Matupi amasiyana. Wina amatsika msanga, wina amachedwa chifukwa cha msinkhu kapena mankhwala amene akumwa, ndipo mukayamba kulengeza wopambana, amene akuchedwayo ndiye amayamba kujomba, pomwe ndi iyeyo wofunika gulu kuposa nonse. Pasikelo kwerani kamodzi pa sabata kapena kawiri pa mwezi, sikelo yomweyomweyo, m'mawa. Masikelo a m'misewu muno aliyense amanena zake.

Cholinga chisakhale thupi la musanakwatiwe. Madokotala amati munthu akangotsitsa 5 mpaka 10 pa 100 iliyonse ya kulemera kwake, BP ndi shuga zimayamba kumvera. Wolemera makilogalamu 90 ndiye kuti achotse 4 ndi theka mpaka 9, pa liwiro la theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Diabetes Prevention Program, zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera anawathandiza kuti achepetse thupi ndi 7 pa 100 ndi kumayenda mphindi 150 pa sabata, ndipo chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 pa 100, kuposa cha amene anangopatsidwa mapiritsi a shuga otchedwa metformin. Dziwani kuti anthuwo sanangouzidwa n'kusiyidwa okha. Aliyense anali ndi womuyendera ndi kumufunsa kawirikawiri.

Ngati mulibe sikelo, tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, muchipinde pakati. Chingwe chopindacho chizitha kuzungulira m'chiuno mwanu, chapamwamba pang'ono pa mchombo. Chikakanika kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndi amene amayenderana kwambiri ndi shuga ndi BP. Mwezi ndi mwezi muziona mpata ukuchepa.

Za kuyenda sindichulukitsa. Bungwe la WHO limati mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu, mwandawala moti mukutha kulankhula koma nyimbo simungaimbe. Jimu siyofunika. Mzuzu anatipatsa zitunda zaulere, funsani a ku Masasa. Kuchokera ku Chibavi kupita mtauni, tsiku limene mulibe katundu, a sacramento, akabaza a njinga aja, akupatseni moni chabe. Kukakhala mdima musayende nokha, ndipo m'mbali mwa msewu wa M1 muziyenda moyang'anizana ndi magalimoto. Nthawi ya mvula, poti kuno imagwa mpaka April osatopa, panganiranitu chochita: pakhonde la mmodzi wa inu, wailesi, kuvina theka la ola. Mukapanda kupangana zimenezi gulu limafera m'matope.

Koma kuyenda kokha thupi silitsika kwenikweni. Nkhani yaikulu ili pakamwa, ndipo kwa ife a ku Mzuzu ine ndimati yambirani mu kapu ya tiyi, nsima ibwere pambuyo. Kuzizira kwa kuno kumatimwetsa tiyi m'mawa, 10 koloko, 4 koloko, ena ngakhale pogona. Mawa mudziyang'anitsitse pothira shuga. Supuni imalowa m'chitini, imatuluka ndi phiri, kamodzi, kawiri, katatu, kenako kaja kongowonjezera kosawerengedwa. Makapu atatu otero ndi masupuni 9 odzaza, musanawerenge wa m'phala ndi wa m'thobwa. WHO imati shuga wothira asapitirire magalamu 50 pa tsiku, omwe ndi masupuni a tiyi pafupifupi 12 osadzaza phiri, ndipo imati ndi bwino koposa kukhala pa theka la amenewo. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300 ml lili ndi magalamu oposa 30, pafupifupi masupuni 8. Sobo wosungunula mokoma uja ndi chimodzimodzi. Zakumwa zimenezi sizikhutitsa, mukamaliza nsima mumadya yomwe ija.

Musasiye shuga tsiku limodzi, mudzadana ndi tiyi ndi gulu lomwe. Chotsani supuni imodzi, mukhale masabata awiri, lilime lizolowere, kenako chotsaninso ina. Alipo amene anganene kuti shuga wathu ali ndi vitamini A. Ndi zoona, amathiramo, koma vitamini yemweyo ali mu mbatata yofiira mkati, maungu, mapapaya, mango ndi masamba obiriwira. Mbatata yowiritsayo ilowenso m'malo mwa mandasi ndi masikono opaka majarini pa tiyi wa m'mawa.

Nsima musaisiye. Amene amakuuzani kuti siyani nsima sadzakhala nanu pamene njala yakugwirani 9 koloko usiku ndipo m'nyumba muli buledi yekha. Chepetsani mitanda. Wa mitanda itatu abwere pa iwiri, pakapita nthawi umodzi ndi theka, ndipo malo otsalawo m'mbale adzaze masamba, mpaka theka la mbale likhale lobiriwira. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga amakhala momwemo ndipo umakhalitsa m'mimba, koma mitanda inayi ya mgaiwa ndi inayibe. Abale athu a ku Nkhata Bay mundikhululukire, kondowole ndi batala n'zokoma zedi, koma kondowole ndi sitachi pafupifupi yekhayekha, ndiye nayenso achepe, nsomba ndi chigwada zichuluke. Mpunga wa Kilombero vuto lake ndi fungo lija, munthu umawonjezera usanaganize. Pakulani kamodzi, poto abwerere kukhitchini.

Ku sikelo ya ana anatiphunzitsa kale magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Timangoona ngati ndi za ana. Zonsezo zili pa Zigwagwa ndi mumsika waukulu: nkhwani, chisoso, bonongwe, mpiru, kholowa, therere, nyemba, khobwe, usipa, mazira, nthochi, mapeyala nthawi yake. Zoti kudya bwino n'kwa anthu a ndalama ogula maapozi m'masitolo akuluakulu ndimakana. Nyemba ndi usipa zimagwira m'mimba nthawi yaitali kuposa soseji.

Mafuta ophikira ndiye amabisala. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120 (makalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, imene ikachuluka imanenepetsa), ndipo ambirife sitiyeza, timangopendeketsa botolo mpaka anyezi asambire. Yezani ndi supuni. Masamba otendera safunanso mafuta, nsinjiro ili nawo kale. Chiwaya nacho muchiyang'ane ndi maso atsopano. Mukaima pamenepo madzulo, mafuta ali bii chifukwa akazingira kuyambira m'mawa, mnyamata akukankhira tchipisi m'mbali kuti tidonthe koma sitidontha kwenikweni, akuwaza mchere ndi dzanja lonse, pamwamba kakabichi kochepa kongotonthoza mtima. Kamodzi pa sabata sikangakupheni. Tsiku lililonse poweruka, kenako kunyumba nsima, apo ndiye mwadya mgonero kawiri. Poti mwatchula BP, mcherewo ndi nkhani yanu kwambiri. Muyeso ndi magalamu osafika 5 pa tsiku, supuni ya tiyi imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo, m'buledi, mu usipa wouma ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Kambale ka mchere kachoke patebulo.

Tsopano chimene chimagwetsa anthu ambiri, ndipo palibe wakuuzani m'mayankho enawa: pakhomo pamaphikidwa poto mmodzi. Simungaphike ziwiri tsiku lililonse, makala ake ndi mtengo umenewu. Ndiye bambo a kunyumba auzeni bwinobwino, osati ngati nkhani yofuna kuoneka bwino, koma muwaonetse buku la kuchipatala pamene analemba BP. Amuna ambiri akamva za sitiroko amamvetsa, ndipo mwina iwonso lamba anasuntha kale mabowo awiri. Kuchepetsa mafuta ndi mchere pang'onopang'ono anthu a m'nyumba sazindikira n'komwe. Ana okha musawachepetsere chakudya, akukula.

Kunja nakonso kuli pakamwa pa anthu. Kwathu kuno "mwanenepatu" ndi chiyamikiro, ndiye kuti akukusungani bwino. Mukangotsika makilogalamu asanu, wina kutchalitchi akugwirani dzanja n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Muli bwinobwino koma?" Apongozi akabwera kuchokera kumudzi ayamba kufufuza ngati m'banja muli mtendere. Tonse tikudziwa chimene anthu amaganiza akaona munthu akuonda, ndipo mantha amenewo abwezera ambiri ku mitanda itatu. Apa ndi pamene anzanu aja amaposa uthenga uliwonse wa pafoni. Anthu akamakuonani m'mawa uliwonse muli atatu, mukutuluka thukuta pamsewu mukuseka, miseche imasowa pogwira, chifukwa aliyense akuona kumene thupilo likupita. Ndipo tsiku limene mawu a wina akubayani, muli ndi womuuza amene anamvapo zomwezo. Yankho lanu likhale lalifupi: "Adokotala anandiuza za BP." Musatalikitse.

Pali zina zoti mulankhule ndi achipatala musanayambe. Ngati mukuyamwitsa, musadzimane chakudya, ingochotsani shuga ndi zokazinga. Wa mankhwala a shuga, makamaka insulin kapena glibenclamide, asamadumphe chakudya, shuga akhoza kutsikiratu n'kukomoka. Jakisoni wolera amanenepetsa amayi ena, ndipo ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri anasinthidwira kuyambira 2019, nawonso amakweza thupi kwa ena. Zimenezi si chifukwa chosiyira mankhwala, ngakhale tsiku limodzi. Kafotokozeni kumene mumalandirira, akuthandizeni. Mankhwala a BP akakupatsani imwani, kuyenda sikulowa m'malo mwake mpaka adokotala atanena okha. Ndipo munthu amene akuonda asanasinthe chilichonse, makamaka ngati akutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kumva ludzu losatha, ameneyo asasangalale, akayezetse.

Tiyi wochepetsa thupi amene akukutsatsani pamwambapa, wambiri amangotsegula m'mimba. Chimachoka ndi madzi, ndipo amabwerera mukangomwa. Madzi otentha a mandimu sasungunula mafuta, lamba naye amangofinya. Ndalama imeneyo gulirani nsapato zoyendera pa kaunjika.

Kugwa mudzagwa. Kubwera ukwati, chinkhoswe, Khirisimasi, mudzadya mpunga ndi nkhuku ndi Fanta ziwiri. Pa maliro simungakane nsima ya anthu. Chimene ndaona n'choti tsiku limodzi lotero silinenepetsa munthu. Chimanenepetsa ndi mawu aja oti "basi ndaononga kale, ndidzayambiranso mwezi wamawa". Ndiye m'gulu mwanu muike lamulo limodzi lokha lolimba: munthu akajomba kawiri motsatizana, enanu mupite kwawo, osakamukalipira, kungomutenga. Nthawi zambiri mudzapeza kuti sikunali ulesi. Mwana anadwala, kapena kunyumba kwavuta, ndipo munthu akapanikizika maganizo kapena akamagona mochepa, njala ya zotsekemera imakula.

Ndiye a ku Chibavi, Chibanja ndi Chiputula amene mukufuna, lembani dera lanu pansipa, osaika nambala ya foni poyera, achemwaliwa akupezani ku inbox. A ku Luwinga, Katoto, Zolozolo ndi Mchengautuwa panganani nokhanokha kwanuko, chifukwa gulu loti mukwere kaye galimoto kuti mukayende silifika mwezi.