Mitengo ikuchitadi maluwa msanga, koma si yonse

Achimwene, mwafunsa ngati kutentha kwa dzikoku kukusokonezadi nthawi yomwe mitengo imachita maluwa. Eya, mtengotu ulibe kalendala, umamvera kwambiri kufunda, kukafunda msanga nawonso nthawi zambiri umaphukira msanga. Ku Kyoto ku Japan akhala akulemba tsiku lomwe mitengo ya cherry, yotchuka kumeneko ndi maluwa ake oyera, imadzaza maluwa kwa zaka zoposa 1,000, kale zinkachitika chapakati pa Epulo koma mu 2021 pa 26 Marichi inali itayera kale mbee. Koma si yonse imafulumira ayi. Mapichesi ndi maapozi amafuna kaye azizidwe mokwanira, chisanu chikaperewera maluwa amangotuluka apa ndi apo, mochedwanso. Mango athuwa nawonso amadalira kuzizira kwa Juni ndi Julayi, ndiye chaka chofunda musadabwe kuona mtengo uli masamba okhaokha.