Yankho: Malipiro a katundu pa ngalande ya Erie

Mwafunsa ngati ndalama imene amalonda ankalipira ponyamula katundu pa ngalande ya Erie, njira ya mabwato yochita kukumba m'chigawo cha New York ku America, inali imodzi, komanso mmene akuluakulu ankadziwira kulemera kwa katunduyo. Malipiro anali awiri, ndipo si bwino kuwasokoneza. Mwini katundu ankalipira mwini bwato ndalama yonyamulira, pomwe boma la New York, limene linakumba ngalandeyo n'kuitsegula m'chaka cha 1825, linkatolera msonkho wodutsira potengera mtundu wa katundu, kulemera kwake ndi kutalika kwa ulendo, pa mtunda wa mamailosi 363 kuchokera ku Albany kukafika ku Buffalo.

Pa za kulemera, njira yake inali yochititsa chidwi. Bwato linkalowa m'chipinda chotsekedwa ndi zitseko, madzi n'kutulutsidwa, mpaka bwatolo litakhazikika pa chimango chamatabwa cholumikizidwa ku sikelo yaikulu. Mlembi ankachotsera kulemera kwa bwato lopanda kanthu, kumene kunalembedwa kale m'kaundula, ndipo chotsalacho ndiye katundu wokhomera msonkho. Nyumba yoyezera ya mumzinda wa Syracuse, yomangidwa mu 1850, ilipobe, ndipo lero ndi nyumba yosungiramo mbiri ya ngalandeyo.

Ngakhale panali msonkhowo, mtengo wonyamulira tani imodzi pa ulendo wonsewo unatsika kuchoka pafupifupi madola 100 pa ngolo kufika cha m'ma madola 10 pa bwato, ndiye amalonda analibe chifukwa chodandaulira kwambiri. Sitima zapamtunda zitayamba kulanda katundu, boma linathetsa msonkhowo mu 1882.