Nati ya gland musaimange mpaka madzi kusiyiratu

Achimwene, mwati boti lanu likudontha madzi pa gland, chitsulo chotsekera madzi pamene shafti ya pulopela imatulukira m'boti. Amene wakuuzani kuti mumange nati ya gland mpaka madontho a pa shafti asiyiretu, musamumvere. Ine ndinamvera, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya boti pansi pa nyanja kufupi ndi chilumba cha Boadzulu, pamodzi ndi anyamata anayi, ana a eni.

Langa ndi lathabwa, lakale, injini ya dizilo ya m'kati. Linkadontha ngati lanulo, ndiye ndinaitana makaniko wina, dzina sinditchula koma mtima ukundiwawabe. Ndalama ya packing, chingwe chapadera chotsekera madzi chimene chimaikidwa m'kati mwa gland mozungulira shafti, ndinamupatsa, sanagule. Anatenga chingwe cha nayiloni, kuchipaka girizi, kuchikulunga pa shafti ngati akumanga thumba la makala, kukankhira m'kati, kenako kumanga nati mpaka kumenya sipanala ndi hamala. Akuti "Bwana, apa dontho simudzalionanso." Ine osadziwa kanthu ndinamuthokoza.

Tsiku lachitatu lake, mu Julaye, mwera uli pachimake, tikubwerera dzuwa litalowa, ndinamva fungo ngati tayala likupsa. Nditatukula thabwa la pansi n'kugwira gland, chikhatho chinatuluka chithuza pomwepo. Nayiloni ija inali itasungunuka n'kumatirira ku shafti, gland yonse n'kuyamba kuzungulira limodzi ndi shafti, kupotokola paipi ya mphira imene imaigwirizitsa ku stern tube, paipi imene shafti imadutsamo potuluka m'boti. Kilampu inalipo imodzi yokha, yachitsulo wamba, dzimbiri lokhalokha. Ndisanafike pozimitsa injini paipi inang'ambika. Madzi ake sanali odontha ayi, ankatumphuka ngati mpopi wothyoka. Posakhalitsa anafika pa batire, pampu n'kuima. Injini itazima boti linatembenukira mafunde cham'mbali, lililonse likamenya ena ankalowera pamwamba. Anyamata kukapa ndi zigubu zodula, wamng'ono pa onse akukapa uku akulira, kuitana amayi ake. Mawu a mwana uja mpaka lero amandidzutsa usiku. Ine ndinagona chafufumimba m'madzi osakanizika ndi dizilo, tochi pakamwa, kukulunga mphira wa chubu cha njinga umene tinamangira katundu. Dzanja lopsa lija silinkagwira, ndinkakoka ndi mano. Ukaterereka, kuyambiranso. Kachitatu ndi pamene unagwira, madzi n'kuchepa moti zigubu zinayamba kukwanitsa. Tinakapa usiku wonse mpaka m'mawa pamene asodzi ena anatikoka ndi boti lawo.

Titalitulutsa kumtunda, shafti inali itadyeka mzere woti chikhadabo chimakodwa. Shafti yotero, ngakhale muike packing yatsopano, imaidya m'masabata ochepa, ndiye ndinagula ina. Nditamupeza munthu uja, yankho lake linali lakuti boti langa ndi lokalamba. Kupepesa ayi, kubweza ndalama ya packing ayi. Munthu wosiyira anzake imfa pansi pa thabwa n'kupita kukagona tulo! Ndipo akugwirabe maboti a anthu padoko.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti madontho aja ndi amene amaziziritsa ndi kufewetsa packing. Shafti ikamazungulira, madontho awiri kapena atatu pa mphindi ndi abwinobwino. Injini ikazima ndiye ayenera kusiya, kapena kutsala limodzi mwa apo ndi apo. Ngati lanu likudontha kwambiri lili chiimire padoko, masulani loko nati (nati yotsekera kuti yaikulu isamasuke), mangani nati yaikulu pang'ono chabe, yendani mphindi khumi, gwirani. Kufunda palibe vuto, koma kukatentha moti dzanja silingakhalepo, bwezani m'mbuyo. Nati ikafika kumapeto madzi osasintha, packing yatha.

Gulani yeniyeni, ya flax kapena ya teflon, saizi yake muyeze mpata wa pakati pa shafti ndi khoma la gland. Musaikulunge yonse ngati chingwe. Dulani mphete payokhapayokha, kawirikawiri zimalowa zitatu, ndipo polumikizira pake pasayang'anizane, apo ayi madzi apeza njira yowongoka. Yakale ichoke yonse, mukokere ndi kawaya kopinda osakanda shafti. Ntchito imeneyi ichitikire kumtunda, boti lili pa mitengo. Muli pomwepo finyani paipi ya mphira ija, ikakhala ndi ming'alu kapena yafewa ndi dizilo sinthani, ndipo makilampu akhale a stainless, awiri mbali iliyonse. Gwedezaninso pulopela ndi manja. Ikamagogoda, cutless bearing, ya mphira yogwira shafti pafupi ndi pulopela, yatha, shafti ikuvina, ndipo packing iliyonse idzatha msanga. Onaninso ulusi wa ukonde umene umakulungika kuseri kwa pulopela, umadya mphira wa bearing mwakachetechete.

Gland yanu musapatse makaniko aliyense, phunzirani nokha, ndi ntchito ya masipanala awiri. Komabe musanabwezere boti m'madzi pezani makaniko wodziwa, ndipo likakhala m'madzi masiku angapo matabwa atafufuma, ayeze ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mipata) pa coupling, polumikizira shafti ku injini, ngati injini ndi shafti zili mzere umodzi, chifukwa boti lathabwa limapindika ndipo zimenezo ndi maso simungazione. Muime pambali pake mpaka amalize, packing mugule nokha, muione ikulowa.

Za mphira wa chubu, musayerekeze kukonzera boti ndi zimenezo, ndi zomwe zimapha anthu. Koma musachoke padoko opanda mizere itatu kapena inayi yodulidwa kale, mpeni, ndi tochi ya batire zakezake. Zanga zimakhala m'kachitini kokhomeredwa pafupi ndi gland, poti dzanja lifike ngakhale mumdima.