Kodi Joy TV ija inathera pati?

Funso: Akulu, ine ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, makolo kwawo ndi ku Dedza. Tili ana tinkadzazana kwa aneba madzulo kuonera Joy TV, ena pampando ena pamkeka, wina kunja akupotoza eriyo kuti chithunzi chiyere. Inapita kuti? Nanga ilipo ina yosakhala ya boma?

Yankho: Achemwali mwandikumbutsa kutali. Joy TV inayamba mu 1998, siinali ya boma ayi, koma vuto lake inkachita lendi tchanelo cha TV2 cha ZBC, wailesi ya boma la Zimbabwe, ndiye mukudziwa walendi alibe mawu pakhomo pa eni. Ankaonetsa mafilimu, nyimbo komanso nkhani za BBC zomwe anthu ankazikonda heve, kenako nkhanizo anazichotsa, pofika 2002 mgwirizano ndi ZBC unatha basi kuzimiratu. Ine zimandiwawabe mpaka lero.

Panopa kuli 3Ktv ya eni ake a nyuzipepala ya Daily News, laisensi anapatsidwa mu 2020 n'kuyamba kuulutsa mu 2022 pa DStv tchanelo 293. Mumakhala nkhani, masewero ndi zokambirana, kungoti pamafunika dikoda, eriyo ija siigwira.