Pin yanu sinaiwale dzina, simunaipatse n'komwe

Achimwene ena a ku Highfield, kuno ku Harare, anditumizira imelo Lachiwiri usiku. Akuti apanga kalasi yawo yochokera ku machine.Pin (kalasi yoyendetsera mapini a bodi) pa ESP32, kabodi kokhala ndi kakompyuta kakang'ono, mu __init__ aikamo self.dzina = "thanki", koma batani likadinidwa handler ya irq (ntchito yomwe imaitanidwa yokha pin ikasintha) n'kuthamanga, pin yomwe ikubwerayo ikuti ilibe attribute ya dzina. Ndiye akufunsa ngati MicroPython, Python yoyendera pa timabodi totere, ili ndi vuto kapena anawagulitsa bodi yabodza.

Achimwene, bodiyo ilekeni, ilibe mlandu. Ndinaseka ndekha nditawerenga chifukwa inenso chaka chatha ndinanamizira chipangizo chosalakwa mpaka kukwerera kombi.

Azakhali anga ku Mufakose ali ndi thanki ya malita 5000 pamwamba pa sitandi, madzi a mu paipi paja amabwera tsiku lomwe afuna okha, ndiye amadalira pampu ya pa chitsime yomwenso imadikira magetsi, ndipo magetsiwo nthawi imeneyo amabwera anthu titagona n'kuchoka kusanache. Kuti adziwe kuti madzi atsala pati amagogoda thankiyo ndi mpini wa tsache n'kumamvera kulira kwake. Ine ndi matama anga ndinati azakhali zimenezi zatha, ndikuikirani kamakina. ESP32, sensa ya ultrasonic pa chivundikiro, ndi kasikilini ka OLED kaja ka SSD1306 ka 128 x 64 pakhoma la kukhitchini. Masiku awiri oyamba kanagwira bwinobwino, anthu apafupi kubwera kudzaona. Kenako ndinati ndikonzeko khodi kuti izioneka yaukhondo, ndipo pofufuta sikilini ndisanalembe nambala yatsopano ndinalemba self.buffer = bytearray(1024). Masamu ake ndi olondola ndithu, 128 kuchulukitsa ndi 64 kugawa ndi 8 ndi 1024. Sikilini bii. Error ayi, bodi ikuyankha, sensa ikuwerenga, koma pakhoma pali mdima.

Ndinayamba ndi mawaya, ndinaskana I2C, njira yomwe bodi imalankhulira ndi sikilini, ndipo adiresi ya sikiliniyo, 0x3C, inalipo, ndinasintha chaja, basi ndinagamula kuti sikilini yapsa ndi magetsi obwera mwaukali aja. Loweruka m'mawa kombi ya mutauni, kukagula ina, ndipo mnyamata wogulitsayo ndinamulankhula mawu oti pano ndimachita nawo manyazi. Kufika kunyumba kulumikiza yatsopanoyo, biinso. Azakhali anangoyang'ana n'kuti "bambo, kawailesi kanu kaja kamwalira eti", n'kutenga tsache lawo kupita kuthanki.

Usiku umenewo magetsi atabwera ndi pomwe ndinatsegula khodi ya C ya MicroPython yeniyeniyo. Driver ya ssd1306 ndi subclass ya framebuf.FrameBuffer, imene inalembedwa mu C. Poyamba imapanga self.buffer, kenako imaipereka ku super().__init__, ndipo mbali ya C imasunga adiresi ya buffer imeneyo kwamuyaya. Ine nditaika bytearray yatsopano, text() imalembabe mu yakale ija, pomwe show() imatumiza ku sikilini yatsopano yopanda kanthu. Kunena zoona cholakwa chimenechi chinali changa, ngakhale pa laputopu chikanandigwira, mankhwala ake ndi fill(0) basi. Koma ndi chomwe chinandifikitsa mu fayilo ya py/objtype.c, ndipo umo ndi momwe muli yankho lanu.

Mukapanga subclass ya type ya C mu MicroPython, chomwe mumagwira m'manja si chinthu chimodzi ayi, ndi ziwiri. Ganizirani dengu lomwe amayi amanyamulira ndiwo popita kumaliro, mkati muli mphika. Dengulo ndi object ya kalasi yanu, lili ndi kathebulo kotchedwa members komwe ma attribute anu amakhala, ndipo lili ndi malo otchedwa subobj momwe mwakhala mphika, object ya C ija. Mukafunsa chinthu, amayang'ana kaye mu members, kenako mu kalasi yanu, chikasowa amasuzumira mumphika, n'chifukwa chake value() ndi on() zimagwira ngati zanu ndipo mumaganiza kuti zonse ndi chinthu chimodzi. Koma mukalemba self.chakuti = chakuti, zimathera pa dengu. Kuwerenga kumafika mkati, kulemba sikufika. Inu dzina lija munamata pa dengu. Mutaitana irq(), ntchitoyo inagwiridwa ndi mphika, ndipo batani litadinidwa khodi ya C inapereka chomwe imachidziwa, mphika wosamata kanthu. Dengu lanu silidziwa n'komwe kuti liliko.

Pa kompyuta ndi CPython, Python wamba uja, sizichitika chonchi chifukwa kumeneko subclass ya list kapena dict imakhala object imodzi yomweyo yongokulitsidwa, ndi __dict__ yake pomwepo. Ndipo apa ndi pomwe ndimapsera mtima maphunziro a pa YouTube omwe amati MicroPython ndi Python yomweyo yaing'ono chabe. Si yomweyo. Damien George anailembanso kuyambira pachiyambi, anaiika pa Kickstarter, webusaiti yosonkhetsera ndalama, mu 2013, pa bodi yake ya pyboard yokhala ndi RAM ya 192 KB. Raspberry Pi Pico ili ndi 264 KB, ESP32 ili ndi 520 KB ndipo gawo lalikulu sililowa m'manja mwanu. Pamalo othina chonchi simungapatse pin iliyonse dikishonale yakeyake, n'chifukwa chake Pin(4).dzina = "x" imakana pomwepo ndi AttributeError. Ma pin a ESP32 ndi thebulo losasintha lomwe linakonzedwa kale, Pin(4) mukaiitana kakhumi mukulandira chinthu chomwecho. Ndiye ine sindikuti olemba MicroPython analakwitsa, anachita zanzeru ndi zochepa zomwe anali nazo, olakwa ndi omwe amaphunzitsa osanena.

Agogo anga aamuna anabwera kuno kuchoka ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukadali Salisbury, ndipo atapuma ntchito amakonza mawailesi pakhonde. Munthu akabwera ndi wailesi akuti yapsa, iwo samayankha mpaka atamasula kumbuyo. Ine mdzukulu wawo ndinakwera kombi kaye kenako n'kumasula, akanakhala moyo akanandiseka mwezi wathunthu.

Ndipo poti mwayamba kale ma subclass, pali maenje ena. Ma type a C mu MicroPython alibe __new__ ndi __init__ zosiyana, ali ndi ntchito imodzi yotchedwa make_new, ndiye mphika umaumbidwa pamene mwaitana super().__init__(). Mukaitana self.value() musanafike pamenepo mphika kulibe, mulandira AttributeError, ndipo pa ma firmware ena bodi imangogwa osatsanzika. Mukaiwala super() yo kotheratu, MicroPython imaumba yokha mphika __init__ yanu ikatha, koma imagwiritsa ntchito ma argument onse omwe munapereka ku kalasi yanu, ndiye "thanki" uja amakalowa pamalo pa mode, error yake n'kumakuzunguzani mutu chifukwa ikuloza pomwe simunalembe kanthu. Kulemba Exception.__init__(self) monga timachitira pa kompyuta nakonso sikuyenda, pamafunika super(). Makolo awiri a C pa kalasi imodzi, TypeError, dengu limodzi mphika umodzi. Komanso ntchito zina za C zikafuna pin zimayang'ana ngati type yake ndi Pin yeniyeni, dengu zimalikana pakhomo.

Poyamba ndimati bola kusamala, subclass ili bwino. Panopa ndaumitsa mutu, pa bodi sindipanganso subclass ya Pin, UART kapena SPI, ngakhale munthu andiuze kuti khodi yake ikuoneka yokongola. Zomwe ndimalola ndi ziwiri, Exception chifukwa ndiyo njira yoti error yanu inyamule ma attribute ake, ndi FrameBuffer chifukwa ma driver a sikilini anazolowera choncho ndipo blit, yokopera chithunzi pa sikilini, imadziwa kutulutsa mphika mu dengu. Zina zonse ndi kufuna kuoneka wophunzira basi, monga ndinachitira ine kukhitchini kwa azakhali.

Ndiye mutani

Musakhale Pin, khalani ndi Pin. Kalasi wamba, pin mkati mwake, handler ikhale method yanu:

class Batani:
    def __init__(self, nambala, dzina):
        self.dzina = dzina
        self.pin = Pin(nambala, Pin.IN, Pin.PULL_UP)
        self.pin.irq(handler=self.ladinidwa, trigger=Pin.IRQ_FALLING)

    def ladinidwa(self, p):
        print(self.dzina)

Dzina mukulitenga kwa self, p uja musamufunse kanthu kupatula p.value(). Ngati mwatopa ndi kulemba batani.pin.value(), onjezani __getattr__ yobweza getattr(self.pin, n), imagwira. Onaninso kuti batani lanu silili pa GPIO 34 mpaka 39, ma pin amenewo alibe pull-up ya mkati (resistor yosunga pin pa 1 batani lisanadinidwe), muyamba kuona batani likudzidina lokha n'kunditumiziranso imelo ya bodi yabodza.

Kamakina ka ku Mufakose kakugwira mpaka lero, ngakhale azakhali amagogodabe thanki akuti pofuna kutsimikiza. Sikilini yachiwiri ija ili mu dirowa, sindiigwiritsa ntchito. Mukaifuna achimwene tikumane pa siteji ya makombi ya Copacabana Loweruka, mungondibwezera ya kombi.