Apongozi akuti imwa supu, ine ndikufuna kuonda: yankho kwa mayi mnzathu wa ku Korea

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene anakwatiwa ndi mKorea ndipo akukhala ku Suwon. Ndayidula pang'ono chifukwa inali yaitali:

"Achemwali, ndinabereka masabata anayi apitawo pa opaleshoni, mwana wanga woyamba. Apongozi anga anabwera kudzakhala nafe ndipo akundimwetsa supu ya ndere za m'nyanja m'mawa, masana ndi madzulo mpaka ndatopa nayo, madzi ozizira akundikaniza, masokosi ndisavule olo kutenthe bwanji. Panopa akuti tipite kwa dokotala wa mankhwala achikuda a kuno akandipatse mankhwala. Ine vuto langa ndi thupi, ndatsala ndi makilo 11 amene sakuchoka ndipo mimba ikuoneka ngati mwana akadalimo. Ndamva kuti madokotala omwewa ali ndi mankhwala oondetsa amphamvu. Ndipite? Ndikapemphe oondetsawo? Ndikuyamwitsa."

Choyamba mwapulumuka achemwali, takulandirani. Ku chipatalako pitani, palibe choopsa, koma oondetsawo musakapemphe panopa, ndipo dokotala wabwino olo mutapempha akukanizani yekha. Ndifotokoze chifukwa chake, pirirani nane chifukwa nkhaniyi ndiyaitali.

Zimene apongozi anu akuchitazo si nkhanza ayi, ndi mwambo umene kumeneko amautcha sanhujori, chisamaliro cha mayi akangochira. Ife tili ndi chikuta chathu chimene chimatha mchombo wa mwana ukagwa, iwo chawo chimakhala masiku 21, amati samchil-il. Kale pageti ankamangirira chingwe cha udzu wa mpunga kuti alendo adziwe kuti pano sitilowa, ngati wabadwa ndi mwamuna pachingwepo ankasomekapo makala ndi tsabola wofiira, ngati ndi wamkazi makala ndi timasamba ta paini. Ndipo olo masiku 21 athe, amakhulupirira kuti thupi la mayi silinabwerere mpaka masiku 100, tsiku limene amachitiranso mwana kaphwando. Masiku ano zingwe zija zinasowa, m'malo mwake kunabwera nyumba zolipira zotchedwa sanhujoriwon zimene zinayamba cha m'ma 1990 kumapeto, mayi amakagonako pafupifupi masabata awiri manesi akumusamalira iye ndi mwana, ndipo kafukufuku wa boma lawo amaonetsa kuti amayi oposa 8 mwa 10 alionse amadutsirako. Ndiye onani, dziko lonse lija linagwirizana kuti mayi wongobereka kumene sagwira ntchito, amadya ndi kugona. Apa ine ndimawachitira nsanje ndithu.

Za masokosi ndi madzi ozizirazo, chimene apongozi akuopa ndi sanhupung. Amati mayi akabereka mfundo za mafupa zimakhala zomasuka, ndiye mphepo yozizira ikalowamo adzavutika moyo wake wonse, kuphwanya m'mawondo, dzanzi m'manja, kumva kuzizira m'mafupa ena onse akutuluka thukuta. Agogo ambiri a kumeneko mukawafunsa za nyamakazi yawo amaloza nthawi imene anabereka n'kudzuka msanga kukachapa. Kuti mfundo zimamasuka nthawi ya pakati ndi zoona, mahomoni amachititsa zimenezo, ndipo kupweteka kwa dzanja chifukwa chonyamula mwana kulipodi. Koma kuti kapu imodzi ya madzi ozizira ikulumalitsani, ayi, umboni wa zimenezo palibe. Valani masokosiwo kuti mtendere ukhalepo pakhomo, sakuchotserani kanthu. Chimene ndingakane ndi kukutenthetserani chipinda mpaka thukuta kamukamu, poti nyumba za kumeneko zimatenthera pansi ndiye akuluakulu ena amakweza moto dala kuti "zoipa zituluke". Zimenezo zimangokuthetsani madzi m'thupi, mkaka n'kuchepa, bala la opaleshoni nalo silifuna chinyontho. Kusambanso sambani ndi madzi ofunda, ndipo musamangogona tsiku lonse, kuyendayenda m'nyumba kumateteza kuti magazi asaundane m'miyendo.

Tsopano supu ija, miyeokguk. Ndi chakudya chabwino, ndi yopepuka, imathandiza kuchimbudzi, imakupatsani madzi, ndipo akaikamo nyama ya ng'ombe ndiye bwino kwambiri. Kwa iwo si chakudya wamba, munthu aliyense pa tsiku lake lobadwa amamwa supu yomweyo pokumbukira mayi ake, ndiye mukaikankhira kumbali apongozi amamva kuwawa kuposa mmene mukuganizira. Vuto lake ndi ayodini amene amachuluka kwambiri m'nderezo, akapyola muyeso amatha kusokoneza chithokomiro chanu ngakhalenso cha mwana kudzera mumkaka. Nthambi ya boma la Korea yoona za zakudya ndi mankhwala inalangiza mu 2020 kuti amayi oyamwitsa asapyole kawiri patsiku. Gwiritsani ntchito zimenezi, uzani bambo a mwanayo akawauze mayi awo mwaulemu kuti ndi boma lawo lomwe likutero, osati mkamwana wochokera ku Malawi. Chakudya chachitatucho chikhale nsomba, mazira, tofu (chakudya chopangidwa ndi soya), nyemba, masamba.

Tifike pa madokotala aja. Musaganize za munthu wokhala pansi pa mtengo ndi mabotolo ayi. Madokotalawa, amene amatchedwa hanuisa, amaphunzira zaka 6 ku yunivesite, amalemba mayeso a boma ndipo ali ndi chiphaso, kiliniki yake amaitcha hanuiwon. Mukalowa akugwirani pamkono ndi zala zitatu kumvetsera mmene magazi akugundira, akuuzani mutulutse lilime, akufunsani za tulo, thukuta, chimbudzi, mkaka, ndi mtundu wa zimene zikutuluka kumusi. Mankhwala ake amabwera ataphikaphika kale, madzi abulauni owawa m'timapaketi tapulasitiki, mumaviika kapaketiko m'madzi otentha, kudula pakona ndi kumwa kawiri kapena katatu patsiku. Nzeru zawo zambiri amazitenga m'buku la Donguibogam limene Heo Jun, dokotala wa mfumu, anamaliza kulemba mu 1610 n'kusindikizidwa mu 1613.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ndondomeko yawo, chifukwa yankho la funso lanu lili m'menemo. Amayamba ndi kutsuka, amati mayi akabereka mumatsala magazi oipa osayenda, eohyeol, ndiye masiku oyambirira amapereka mankhwala ngati Saenghwa-tang, mmene muli muzu wa danggui, njere za pichesi ndi jinja wootcha, kuti zotsalira zituluke chiberekero chibwerere. Akatero amabwera ndi obwezeretsa magazi ndi mphamvu, monga Boheo-tang kapena Sipjeondaebo-tang. Kuonda kumabwera kumapeto kwenikweni, thupi litalimba. M'kaganizidwe kawo mayi wotupa atabereka si kuti ali ndi mphamvu zambiri, ndi wofooka, thupi lake likulephera kuyendetsa madzi, ndiye ukamumana chakudya ukungoonjezera vutolo. Nyumba siipakidwa penti zipupa zisanaume. Kaya mankhwalawo amagwiradi ntchito mmene amanenera, kafukufuku wake ndi wochepa ndipo si wolimba kwenikweni, zambiri zimene anthu amati mankhwala achita thupi limachita lokha. Koma ndondomekoyo payokha ndi yanzeru ndipo adokotala a chipatala cha azungu sangaitsutse.

Mankhwala oondetsa amene mwamvawo ndi nkhani ina, ndi bizinesi yaikulu kumeneko, zikwangwani zake zili paliponse ndipo pa Instagram ndiye musanene. Ambiri mwa iwo mumakhala chomera chotchedwa mahwang, chimene chili ndi ephedrine. Chimapha chilakolako cha chakudya inde, anthu amaondadi, koma mtima umathamanga, manja kunjenjemera, kukamwa kuuma, tulo osabwera, BP kukwera. Ku America anachiletsa mu 2004 m'mankhwala ogulitsidwa mwachisawawa anthu ena atadwala mtima ndi sitiroko, ena kumwalira kumene, ku Korea hanuisa amaloledwabe kuchipereka pa muyeso. Ephedrine amadutsa mumkaka, mwana amatha kumangolira osagona, ndipo mankhwala a mtundu umenewu amadziwika kuti amachepetsa mkaka. Inu panopa simukugona kale, masabata oyambirira atabereka ndi nthawi imene BP imatha kuchita zachilendo, ndiye muonjezerepo zimenezi? Ayi achemwali. Mukalowa m'kilinikimo nenani zinthu zitatu musanakhale n'komwe pansi, kuti mukuyamwitsa, munabereka pa opaleshoni, ndi mankhwala ena alionse amene mukumwa. Kenako funsani mosabisa kuti muli mahwang kapena mulibe, ndipo akulembereni mayina a zonse zimene aikamo mukaonetse adokotala amene anakuchitani opaleshoni. Mankhwala otsuka aja pa masabata anayi nthawi yake mwina inadutsa kale, ndipo ngati mukutayabe magazi ambiri si oti muwayandikire.

Chenjeraninso ndi zimene azibale azibweretsa kuchokera ku timashopu tophika zitsamba totchedwa geongangwon, madzi a dzungu oti amachotsa kutupa, msuzi wa nsomba ya gamulchi, wa mbuzi yakuda, mang'ina a nkhumba oti mkaka uchuluke. Amene amaphika zimenezi si madokotala. Dzungu ndi dzungu basi silingakupheni koma silisungunula mafuta, ndipo misuzi yonona ija ndi imene imabweretsa makilo ena pamwamba pa 11 anuwo.

Makilowo tiwawerengere bwinobwino. Tsiku lobereka mayi amataya makilo 5 kapena 6, mwana, nsengwa ndi madzi. Masabata otsatira madzi amene thupi linasunga amatuluka mumkodzo ndi thukuta. Chiberekero chimene chimalemera pafupifupi kilo imodzi mwana akangobadwa chimatenga masabata 6 kuti chibwerere kukula kwake kwakale, ndiye pa masabata anayi chanucho chikadali panjira. Minofu ya pamimba nayo inatambasuka, kwa amayi ambiri imasiyana pakati n'kusiya mpata, ndipo kamimba kotuluka kaja nthawi zambiri ndi kameneko, si mafuta onse ayi. Lamba wa pamimba amene amapereka kumeneko, monganso chitenje chimene amatimanga kwathu, amathandiza kuti muziyenda bala lisakukokeni, koma saphwetsa mimba. Mafuta enieni alipo, thupi linawasunga dala kuti lipangire mkaka, ndipo kuyamwitsa kumadya pafupifupi makalori 500 patsiku, ngakhale kunena zoona amayi ena saonda mpaka atasiyitsa mwana.

Ine ndikanakhala inu ndikanabisa sikelo mpaka adokotala atandiona pa masabata 6. Akakuuzani kuti bala lili bwino yambani kuyenda ndi mwana panja, mphindi 15, kenako 30, muzilimbitsa minofu ya kumusi ndi ya mkati mwa mimba pang'onopang'ono, zodumphadumpha ndi zonyamula zitsulo ku jimu zidikire kaye miyezi itatu. Mpunga chepetsani pang'ono osati kusiyiratu, zotsekemera ndi khofi wa shuga uja ndi zimene mungadule osataya kanthu. Theka la kilo pa sabata ndi liwiro labwino limene silisokoneza mkaka, ndipo pa liwiro limenelo makilo 11 ndi nkhani ya miyezi 5 kapena kuposerapo. Otsatsa malonda akuuzani kuti mukapyola miyezi 6 thupi limatseka ndiye simudzaondanso, ndi njira yokuthamangitsirani ku kaunta imeneyo, amayi ambiri amatenga chaka.

Pali zina zimene si za supu kapena zitsamba. Magazi akayambiranso kutuluka ambiri, kumusi kukamanunkha, thupi likatentha, bala likatupa kapena kutuluka mafinya, mutu ukamawawa kwambiri maso n'kumaona zachimbuuzi, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, thamangani ku chipatala chimene munaberekera, usiku olo masana, ambulansi kumeneko ndi 119. Ndipo ngati miyezi ikupita mukungofooka, kuzizidwa, kunenepa osadya zambiri, apongozi adzati ndi sanhupung koma kayezetseni magazi, chithokomiro chimavuta amayi ena akabereka ndipo kuchepa magazi nako kumaoneka chimodzimodzi. Chimodzimodzinso mukaona kuti mukungolira osadziwa chifukwa, muli kutali ndi kwanu, chilankhulo n'chachilendo, mayi anu ali pa WhatsApp basi, musazisunge mumtima, auzeni adokotala.

Za ndalama, mankhwala achikudawa ndi odula ndithu, koma maboma ena a m'mizinda amathandizako, ku Seoul mu 2023 anayamba kupereka 1 miliyoni won (ndalama ya ku Korea) pa mwana aliyense yoti mayi adzisamalire. Tumani bambo akafunse ku ofesi ya zaumoyo ya dera lanu kuti ku Suwon kuli chiyani, asanatulutse khadi la ku banki.